Akufuna DNA ya mwana wanga pa kafukufuku, ndisaine kapena ndikane?

Membala wobisa dzina

A Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala cha ku Linthipe kuno ku Dedza. Mwana wanga wachiwiri, wa zaka 7, ali ndi sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo. Amene muli ndi mwana wotere mukudziwa: kuchezera kulira ndi mafupa, maso achikasu, magazi kuperewera. Chaka chino chokha tagonekedwa kawiri.

Sabata yatha titapita ku kiliniki yake ku chipatala china, anatitengera pambali anthu a kafukufuku. Akuti akufuna kudziwa chifukwa chake ana ena a matendawa amadwala pafupipafupi pomwe anzawo amatha miyezi ali bwinobwino, ndipo yankho akulifuna mu DNA, zija za m'thupi zomwe mwana amatengera kwa makolo. Akupempha magazi pang'ono a mwanayu, malovu anga ndi a bambo ake. Ndisaname, anali aulemu, sanandikakamize, fomu anandipatsa ya Chichewa kuti ndikawerenge kunyumba.

Mbali yoyamba ndaimva ndipo mtima ukufuna. Chandiimitsa ndi tsamba lomaliza. Pali timabokosi tochonga. Kena kakuti ndikulola kuti zotsala za magazi ndi malovuwo zisungidwe pa kafukufuku wina wa m'tsogolo. Kena kakuti zikhoza kutumizidwa kunja, ndipo zomwe apeza zikaikidwa pa kompyuta kuti akatswiri ena azigwiritse ntchito. Kafukufuku wake uti? M'tsogolo mwake liti? Mwanayu akadzakula n'kundifunsa kuti amayi munapereka bwanji za m'thupi mwanga kwa anthu osawadziwa, ndidzati chiyani?

Kumudzi nako sikuli bwino. Bambo ake ali ku Joni, pa foni angoti muone nokha. Amalume, omwe ndi mwini mbumba, akanitsitsa, akuti magaziwo si a ine ndekha, ndi a mtundu wonse. Agogo atamva mawu oti majini pa fomupo anagwira pakamwa, poti majini amene iwo amawadziwa ndi a mizimu yoipa. Ndafotokoza kuti akunena zotengera kwa makolo koma mitima sinakhale pansi.

Ndithandizeni nzeru abale anga.

Bambo wa ku Mayani

Kanani mayi. Magazi sachita nawo masewera. Mwaiwala kale za anamapopa?

Nesi wopuma ntchito, Ntcheu

Achimwene a ku Mayani, mphekesera za anamapopa zija zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, tisazidzutsenso pano. Mayiwa funso lawo ndi lina.

Mwana wanga, timabokosito anatilekanitsa dala kuti muthe kuvomera kena n'kukana kena. Mukhoza kulowa kafukufuku wa panopa, koma zosunga ndi zotumiza kunja n'kuzisiya osachonga. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala pa munthu iye asanalole. Ndipo mukakana, mwana apitiriza kulandira chithandizo chake monga kale. Wina akakuopsezani nazo zimenezo walakwa.

Yang'ananinso pa fomupo ngati pali chidindo cha komiti yoona za kafukufuku, NHSRC kapena COMREC, ndi nambala ya foni ya komitiyo. Ngati palibe, musasaine.

Wa mu labu, Lilongwe

Amalume anuwo pali pomwe alasa, musawapeputse. Mwana amatenga theka la DNA kwa mayi, theka kwa bambo. Ndiye wowerenga DNA ya mwana wanu wawerengako pang'ono za inu, za azibale ake, ngakhale za amalumewo, anthu oti sanafunsidwe. Dzina amachotsadi n'kuikapo nambala, ndipo zimathandiza kwambiri. Koma DNA payokha ili ngati chidindo cha chala, sifanana ndi ya wina kupatula mapasa ofanana. Wokuuzani kuti n'zosatheka mpang'ono pomwe kukuzindikirani wawonjeza.

Mantha anu pa mawu oti kafukufuku wa m'tsogolo ali ndi maziko. Ku America kuli mtundu wa anthu otchedwa Havasupai. Cha m'ma 1990 anapereka magazi kwa akatswiri a ku Arizona State University pomva kuti afufuza matenda a shuga. Pambuyo pake anatulukira kuti magazi omwewo anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a misala ndi komwe mtundu wawo unachokera, nkhani yotsutsana ndi zomwe makolo awo amakhulupirira. Mlandu unatha mu 2010, anapatsidwa madola 700,000 ndipo magazi otsala anawabwezera. Taganizani atatifufuza ife Achewa kapena Angoni za chiyambi chathu tisakudziwa.

China chomwe ambiri samva: mukadzasintha maganizo, magazi otsala akhoza kutayidwa, koma zomwe zinawerengedwa kale n'kugawidwa kwa ena sizibwereranso. Madzi akatayika saoleka. Choncho afunseni kuti zikasungidwa dziko liti, zaka zingati, ndani azipereka chilolezo wina akazifuna, ndiponso ngati makampani ogulitsa mankhwala ali m'gulu la ozionawo. Ayankhe pamaso panu, osati mothamanga.

Mayi a mapasa, Bembeke

Ine wanga anamwalira ndi matenda omwewa ali ndi zaka 4. Wotsalayu akumwa hydroxyurea ndipo zikusintha. Mankhwala amenewa alipo chifukwa makolo ena kwinakwake analola ana awo kulowa kafukufuku. Ana ambiri obadwa ndi sickle cell ali kuno ku Africa, koma DNA yomwe akatswiri aifufuza kwambiri ndi ya azungu. Tikamakana tonse, atidziwa liti? Atandipeza ine ndikanachonga tonse, ndipo sindikanagona nazo.

Wa mu labu, Lilongwe

Pepani kwambiri mayi. Mukunena zoona, kufufuza DNA ya odwala n'komwe kunathandiza kupeza chithandizo chokonza majini chomwe chinavomerezedwa ku Britain ndi ku America kumapeto kwa 2023. Chimandiwawa ine n'choti mtengo wake ukuposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Ndiye wopereka magazi ali ndi ufulu wofunsa kuti ana a kuno apindula bwanji.

Mchemwali wanu, Lizulu

Achemwali ndinene yomwe ena akuopa. Mwana amadwala sickle cell akatengera kwa makolo onse awiri. Akayeza bambo n'kupeza zosagwirizana, nkhani imasanduka ina, mabanja amatha. Sindikunena inu ayi, koma gulu lino ndi lalikulu. Funsani ngati zotsatira amabweza, ndipo amauza ndani. Komanso malovu a amuna anu simungawavomerere ndinu, asaine okha.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Mayi a ku Bembeke pepani, mawu anu andikhudza mpaka misozi.

Chidindo chilipo, ndipo ndaimba nambala ya mkulu wa kafukufukuyo. Wati zotsatira za munthu mmodzimmodzi sabweza, wavomeranso kuti ndikhoza kusiya timabokosi tiwirito. Nditamufunsa za makampani wati tikakambirane tikakumana. Ndawapempha amalume kuti Lachinayi tipitire limodzi akadzifunsire okha, avomera bola ndiwalipirire minibasi. Panopa mtima wanga uli pa kulowa kafukufuku wa sickle cell yekhayu, za kunjazo ndiyambe ndamva mayankho.

Anandiuzanso kuti mwanayo naye afunsidwe. Ndamukhazika pansi madzulo ano, wandifunsa ngati zithandize kuti miyendo isiye kuwawa. Ndamuuza zoona, kuti mwina osati iyeyo, koma ana ena obwera m'mbuyo. Wakhala chete, kenako wati nayenso apita nawo Lachinayi akaone kukula kwa jakisoniyo.