Mfuti yanga ya mpweya ikunjenjemera ikawomba, ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinagula mfuti ya mpweya ya sipuling'i yogwiritsidwapo kale ntchito, ija yothyola pakati poika pellet (kachipolopolo kake), saizi .177. Ikawomba imalira kuti twang'aa, n'kunjenjemera mpaka patsaya, ndipo ma pellet akumwazikana pachandamale. Nthawi zina imatulutsa kautsi konunkha mafuta opsa. Ndikuganiza kuti mwini wake woyamba ankathira oilo m'chipinda cha mpweya, ndiye amayaka pisitoni ikapanikiza.

Ndikufuna kuimasula, ndipo chopanikizira sipuling'i ndapeza kale, poti ndikudziwa kuti ikafwamphuka imavulaza. Pomwe ndaima ndi apa: kumapeto kwa sipuling'i ndipalepo ndi sandipepa wa nambala yanji kuti izizungulira bwino? Ena akuti 400 kenako 1200 mpaka kuwala ngati galasi. Nanga m'kati mwa silinda ndisalalitsenso? Ndinamva kuti mukasalalitsa kwambiri girizi sagwira, koma sindikufuna kungoyesa. Girizi wa moly ndipake pathupi la pisitoni pokha, kapena pang'ono m'mbali mwa seal (chotsekera mpweya chakumutu kwa pisitoni)?

Za guide ya Delrin (kandodo ka pulasitiki yolimba kowongolera sipuling'i) yothina bwino m'sipuling'i, amene munaikapo, kodi inathetsadi phokoso lija payokha? Ndalama zogulira kit yonse ya zipangizo zatsopano zam'kati ndilibe, kunena zoona.

Chinanso, ndimakhala ku England, komwe malire a mphamvu ya mfuti ya mpweya yopanda laisensi ndi 12 ft-lb (muyeso wa mphamvu yomwe pellet imatuluka nayo). Seal yatsopano ingathe kundidutsitsa malirewo? Chronograph, kachipangizo koyezera liwiro la pellet, ndibwereka, koma ndiyeze nditawombapo kangati kuti mphamvu ikhale itakhazikika?