Kodi masapota ali ndi mawu enieni pa kayendetsedwe ka matimu awo?

A Mbewe, Zomba

Ndikupereka moni kwa nonse okonda mpira wamiyendo. Pa 18 April 2021, matimu akuluakulu 12 a ku Ulaya analengeza kuti akuyambitsa mpikisano wawowawo wa European Super League, womwe matimu ouyambitsawo sakanatulukamo ngakhale atasewera moipa chotani. Pa matimuwo, 6 anali a ku England: Arsenal, Chelsea, Liverpool, Manchester City, Manchester United ndi Tottenham. Pasanathe masiku atatu onsewa anali atabwerera m'mbuyo, ndipo ambiri timakumbukira khamu la masapota a Chelsea litatseka msewu kunja kwa Stamford Bridge, Petr Čech, yemwe kale anali goloboyi wa timuyo, akuwachonderera kuti basi ya timu idutse. Zitatero, boma la Britain linapatsa phungu Tracey Crouch ntchito yomva maganizo a masapota, lipoti lake linatuluka mu November 2021, ndipo mu July 2025 dzikolo linakhazikitsa lamulo la Football Governance Act, lomwe labweretsa bungwe loyima palokha loyang'anira matimu.

Chomwe ndikufuna kumva kwa inu odziwa ndi ichi: kodi lamuloli lampatsa sapota chiyani chogwirika, choti angaloze n'kunena kuti apa mwinitimu sangadutse popanda chilolezo changa? Kapena mphamvu ya masapota ikadali ya kukuwa pamsewu basi? Ndikufunanso kudziwa chifukwa chomwe FIFA sinalange England pamene boma lalowerera pa zampira, popeza mayiko a kuno ku Africa amalangidwa pa chifukwa chomwecho.

A Gondwe, Leeds

Zikomo a Mbewe chifukwa cha funsoli. Kuti lamuloli limveke, tiyambire pa matimu ang'onoang'ono, chifukwa mkwiyo wa masapota kuno unayamba kale Super League isanabwere. Timu ya Bury, yomwe inakhazikitsidwa mu 1885 ndipo inatenga chikho cha FA kawiri, mu 1900 ndi 1903, inagulitsidwa pa mtengo wa paundi imodzi kumapeto kwa 2018, ndipo mu August 2019 inachotsedwa mu ligi chifukwa cha ngongole. Anthu a m'tauniyo anangodzuka timu yomwe agogo awo ankaonera kulibe, ndipo panalibe khomo lomwe akanagogodapo, chifukwa pamaso pa malamulo timuyo inali kampani ya munthu mmodzi monga kampani ina iliyonse. Kale kuposa pamenepo, mu 2002, komiti ya anthu atatu yosankhidwa ndi FA, bungwe loyendetsa mpira ku England, inaloleza eni ake a Wimbledon kusamutsa timu kuchoka ku London kupita ku Milton Keynes. Masapota anayambitsa AFC Wimbledon kuchokera pansi penipeni, ndipo zinawatengera mpaka 2011 kuti abwerere mu Football League. Ku Cardiff, mwinitimu Vincent Tan anasintha yunifomu kuchoka pa yabuluu kupita pa yofiira mu 2012, ndipo anaibweza mu January 2015 masapota atalimbikira kudandaula. Ku Hull, mwinitimu Assem Allam anafuna kuti timu izitchedwa Hull Tigers, koma FA inakana mu 2014.

Mukawerenga lamulo latsopanoli muona kuti pafupifupi ndime iliyonse ikuyankha limodzi mwa mabala amenewa. Matimu 116 a m'magawo asanu apamwamba akuyenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe latsopanoli, ndipo kuti achipeze ayenera kusonyeza kuti chuma chawo chili bwino komanso kuti amakambirana ndi masapota pa nkhani zikuluzikulu, kuphatikizapo mitengo ya matikiti. Munthu wofuna kugula timu azifufuzidwa za khalidwe lake ndi komwe ndalama zake zachokera. Bwalo la timu silingagulitsidwe, ndipo timu singasamuke, bungweli lisanavomereze. Kusintha chizindikiro cha timu kapena mtundu wa yunifomu yapakhomo kukufuna umboni woti masapota ambiri agwirizana nazo. Bungweli lingathenso kuletsa matimu kulowa mpikisano wonga Super League, komanso lingathe kugamula kagawidwe ka ndalama za pa wailesi yakanema ngati Premier League ndi matimu a m'munsi alephera kumvana.

Koma yankho langa pa funso lanu ndi lakuti sapota wapatsidwa chitetezo, sanapatsidwe voti. Lipoti la mayi Crouch linapempha kuti bungwe la masapota a timu iliyonse likhale ndi sheya yapadera yolipatsa mphamvu yokana zinthu zina, koma lamulo silinatenge njira imeneyo. Kukambirana ndi masapota sikutanthauza kuchita zomwe iwo anena. Mwinitimu angathe kuitanitsa msonkhano, kumvetsera mwaulemu, kulemba zonse m'buku, kenako n'kukweza matikiti monga anakonzera. Pa nkhani ya matikiti, chomwe chinagwirapo ntchito ndi zomwe anachita masapota a Liverpool mu February 2016, pamene anatuluka m'bwalo la Anfield pa mphindi ya 77 pokana tikiti ya mapaundi 77, eni timu n'kupepesa patangopita masiku ochepa. Mphamvu imeneyo sinalembedwe m'lamulo lililonse, ndipo ndikuona kuti idzafunikabe.

Mayi Nachisale, Lilongwe

A Gondwe afotokoza bwino za ku England, koma ine ndikuona kuti funso la a Mbewe liyankhidwa mokwanira tikayang'ana ku Germany. Kumeneko kuli lamulo lotchedwa 50+1, lomwe linayamba mu 1998 pamene matimu analoledwa kupanga makampani oyendetsa mpira wa malipiro. Lamulolo limati kalabu, kutanthauza mamembala omwe amalipira chaka ndi chaka, iyenera kukhala ndi mavoti oposa theka m'kampaniyo. Wochita malonda angathe kuikamo ndalama zambiri, koma sangagule ulamuliro. Sapota wa Bayern Munich kapena Borussia Dortmund yemwe ndi membala amapita ku msonkhano waukulu n'kukasankha pulezidenti, ndipo sizinachitike mwangozi kuti matimu awiriwa sanalowe nawo mu Super League.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha 2023 ndi 2024. Mu December 2023, matimu 36 a m'magawo awiri apamwamba anaponya voti yachinsinsi yovomereza kugulitsa gawo la ndalama za pa wailesi yakanema kwa kampani yoika ndalama, kwa zaka 20, pa mtengo wa pafupifupi mayuro 1 biliyoni. Matimu 24 anavomera, chiwerengero chenichenicho chomwe chinkafunika. Masapota anakwiya, makamaka chifukwa panali chikayiko chakuti Martin Kind wa Hannover 96 anavota mosemphana ndi zomwe mamembala anamutuma, ndipo popeza voti inali yachinsinsi panalibe wotsimikiza. Kwa milungu ingapo ankaponya mipira ya tenisi ndi chokoleti chooneka ngati ndalama zachitsulo m'bwalo, masewero n'kumaima nthawi yaitali, mpaka pa 21 February 2024 akuluakulu a ligi analengeza kuti nkhaniyo aisiya. Kusiyana kwake ndi ku England n'kwakuti masapotawa sankapempha chifundo; ankateteza ufulu womwe malamulo a mpira wa kwawo anawapatsa kale.

Sindikubisa kuti lamuloli lili ndi mipata. Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg analoledwa kukhala m'manja mwa makampani chifukwa cha mbiri yawo yakale, ndipo RB Leipzig, yomwe Red Bull inayambitsa mu 2009, inalizembera pokhala ndi mamembala ovota ochepa kwambiri. Komabe ngakhale Dietmar Hopp, yemwe anathira chuma chake mu Hoffenheim, anabweza mavoti ake ku kalabu mu 2023.

A Chirwa, Blantyre

Mayi Nachisale, ndikukulemekezani, koma mundilole ndisiyane nanu pang'ono. Voti ya masapota si mankhwala a matenda onse. Barcelona ndi ya mamembala, amasankha okha pulezidenti, komabe mu August 2021 pulezidenti wake Joan Laporta analengeza kuti ngongole ya timuyo yafika mayuro 1.35 biliyoni, ndipo mwezi womwewo Lionel Messi anachoka chifukwa malamulo a zachuma a La Liga sakanalola kuti amulembenso. Pulezidenti wosankhidwa amadziwa kuti mavoti amabwera ndi mayina a osewera otchuka, osati ndi mabuku a chuma olongosoka, choncho amawononga lero n'kusiyira ngongole womulowa m'malo. Ku England, masapota a Portsmouth anapulumutsa timu yawo poigula mu 2013, koma mu 2017 iwo omwe anavota kuti aigulitse kwa Michael Eisner, ataona kuti zopereka zawo sizingakonze bwalo la Fratton Park ndi kupikisana m'magawo apamwamba. A Wrexham nawonso anachita chimodzimodzi pogulitsa timu kwa Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney.

Kuno kwathu nkhaniyi sitikuimva ngati yachilendo. Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) akhala zaka zambiri akutchedwa matimu a anthu, okhala ndi makomiti a masapota a mawu amphamvu, koma chuma chawo chinkadalira munthu kapena kampani imodzi yothandiza. Bullets inafika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004 pamene inkathandizidwa ndi a Bakili Muluzi, ndipo thandizolo litatha inadutsa m'zaka za mavuto a ndalama. Inakhazikika italowa m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, n'kutenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018. Wanderers nayo inasanduka kampani mu 2021 motsogozedwa ndi a Thomson Mpinganjira. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma denga silisenzedwanso ndi anthu omwe aliyense akukokera kwake. M'mpira wathu mphamvu ya masapota kawirikawiri yakhala ikuonekera pofuna kuti kochi achotsedwe timu ikagonja kawiri, kapena pa mikangano ya ndalama zapachipata, ndipo imeneyo si mphamvu yomwe ndingafune kuti lamulo liiteteze. Kwa ine njira ya ku England ndi yanzeru: chuma chiyang'aniridwe ndi akatswiri osakondera, sapota atetezedwe pa dzina, mtundu wa yunifomu ndi bwalo, zotsalazo asiyire omwe aikapo ndalama zawo.

A Tembo, Harare

Ine ndingoyankha mbali ya FIFA, chifukwa kuno tinaiona ndi maso. Mu November 2021 bungwe la boma la Sports and Recreation Commission linaimitsa akuluakulu a bungwe loyendetsa mpira ku Zimbabwe la ZIFA, FIFA inaletsa Zimbabwe kusewera mu February 2022 pamodzi ndi Kenya, tinaphonya masewero odzigulira malo ku AFCON ya 2023, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu July 2023. Chomwe FIFA imakana ndi boma kuchotsa kapena kulamula atsogoleri osankhidwa a bungwe la mpira. Lamulo la ku England silikhudza utsogoleri wa FA, kapena malamulo a masewero, kapena timu ya dziko. Likuyang'ana matimu ngati makampani. Ngakhale zili choncho, UEFA, yomwe imayendetsa mpira ku Ulaya, inalembera boma la Britain mu September 2024 kuchenjeza kuti England ingathe kuchotsedwa m'mipikisano yake, ndipo ndime yomwe inkafuna kuti bungwe latsopanoli liziganizira mfundo za boma pa ubale ndi mayiko ena povomereza ogula matimu inachotsedwa. Kusiyana kulipo ndithu, ngakhale ndikukhulupiriranso kuti dziko lomwe lili ndi ligi yolemera kuposa onse limalankhulidwa mofatsa kuposa ife.

Mayi Nachisale, Lilongwe

A Chirwa, mfundo yanu ya Barcelona ndi yolimba, koma ikusonyeza kuti voti yokha siikwana, osati kuti voti ndi yosafunika. Ku Germany lamulo la 50+1 limayendera limodzi ndi kaperekedwe ka ziphaso kokhwima, komwe timu iliyonse imaonetsa mabuku ake chaka chisanayambe kuti itsimikize kuti ndalama zikwana mpaka masewero omaliza. Mamembala amagwira mavoti, oyang'anira ligi amagwira mabuku, ndipo mbali iliyonse imabweza inzake ikapyola malire.

Pa za kwathu, zomwe mwatchulazo zimachitika chifukwa sapota alibe khomo lovomerezeka lolowera. Munthu yemwe alibe khadi la umembala, alibe msonkhano wapachaka womwe angafunse mafunso, ndipo sanaonepo lipoti la chuma cha timu yake, amatsala ndi njira imodzi yokha, yopita ku bwalo lokonzekera masewero kukakuwa. Wokuwa kwambiri ndi amene amamveka, osati amene akuyimira ambiri. FAM, yomwe imayendetsa mpira kuno ku Malawi, ili kale ndi dongosolo lopereka ziphaso kwa matimu a mu ligi yathu yaikulu, ndipo sipakufunika lamulo la nyumba ya malamulo kuti pa zofunikazo awonjezerepo zitatu: kaundula wa mamembala olipira, lipoti la chuma lowerengedwa ndi akatswiri lomwe mamembalawo angalione, komanso voti yawo timu isanasinthe dzina, mtundu wa yunifomu kapena mzinda. Mayina a matimu athu akhala akusintha ndi kampani iliyonse yobwera kudzathandiza, ndipo ndikanakonda kuti pa kusintha kotsatira masapota olembedwa m'kaundula adzafunsidwe mgwirizano usanasainidwe.