Tarantula wafundula koma mwendo umodzi watsalira m'chikopa

Nachisale22: Akuluakulu, ndithandizeni. Tarantula wanga (kangaude wamkulu waubweya) wamkazi, wa mtundu wa Grammostola rosea, wafundula usiku, koma mwendo wakumbuyo wakanirira m'chikopa chakale ndipo akuchikoka poyenda. Mwendo wina umene unaduka chaka chatha wamera, koma ndi woonda komanso wotuwa. Ndichikoke chikopacho?

Kangaude_wa_kuthengo: Musachikoke, mayi. Thupi lake panopa ndi lofewa ngati phala, mungang'ambe mwendo n'kutulutsa magazi. Tengani kaburashi kofewa kojambulira, muviike m'madzi ofunda pang'ono, muzinyowetsa pamene chikopa chagwira, kadontho kamodzi pa mphindi 10 zilizonse. Madzi asafike kunsi kwa mimba: kumeneko kuli mapapu ake anayi, ndipo akatsekeka amabanika. Chikakana, dulani ndi sizasi chikopa cholendewera, chotsalacho mumusiyire. Kawirikawiri amathothola yekha mwendowo polumikizira pafupi ndi thupi, ndipo bala limadzitseka lokha. Likamatuluka timadzi toyera, ndiwo magazi ake, wazanipo pang'ono cornflour (ufa wosalala wolimbitsira msuzi) kuti asiye kutuluka.

Mbiya_ya_madzi: Gwero lake nthawi zambiri ndi ludzu. Kangaude alibe minofu yotambasulira mfundo zina za miyendo, amakankha ndi mphamvu ya magazi. Akauma m'thupi, mphamvu yosololera miyendo m'chikopa imachepa. Ambiri akamva kuti rosea ndi wa kouma ku Chile amachotsa mbale ya madzi, kumene ndi kulakwa. Dothi likhale louma, koma mbale isaphwe. Kupopera madzi m'bokosi lonse sikuthandiza, amangokwera m'makoma.

Kangaude_wa_kuthengo: Za mwendo woondawo musade nazo nkhawa. Umakulira m'kati mwa chikopa, choncho umatuluka waufupi, ubweya wochepa. Akafundula kawiri kapena katatu umafanana ndi inayo, kungoti rosea wamkulu amatha kupitirira chaka asanafundulenso. Akanakhala wamphongo wokhwima bwenzi tikunena zina, chifukwa amenewo akafika pamenepo kufundula kwatha.

Gogo_Chiweto: Ndiwonjezere za chakudya. Yang'anani mano ake: akangofundula amakhala oyera, kenako amafiira, kenako amada. Asanade musamupatse kanthu, kwa wamkulu ndi masiku 10 mpaka 14. Dzino likathyokera pa mphemvu limadikira kufundula kwina. Nkhululu yamoyo isagone m'bokosimo, imatha kumuluma akadali wofewa. Ulendo wina mukamupeza atagona chagada, musamutembenuze, ndi momwe amafundulira. Zoopsa ndi pamene wakhala chafufumimba, miyendo atayipindira pansi pa thupi. Pamenepo msendezereni mbale ya madzi pakamwa msanga.