Kubwerera pa njinga fupa litathyoka, n'cholinga chothandiza zinyama

Nabanda_wa_Funso: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Mchemwali wanga anathyoka fupa la ntchafu atagwa pa njinga, anamuika chitsulo, ndipo papita miyezi 5. Pano akuyenda wopanda ndodo. Akufuna kupalasa makilomita 100 kuti asonkhetse ndalama zothandizira bungwe losamalira agalu ndi amphaka osowa mwini. Ayambire pati, nanga tsikulo tiliike patali bwanji?

WaFizo: Achemwali, za tsiku zisiyeni kaye. Kuyenda wopanda ndodo sikusonyeza kuti fupa lagwirana mokwanira, zimenezo anene ndi dokotala wa mafupa ataona ekisileyi. Akalola, ayambire pa njinga yoima malo amodzi, mphindi 10 mpaka 15, giya yopepuka, katatu pa sabata.

Ambiri chimawavuta ndi bondo. Kuti pedulo izungulire yonse, bondo limayenera kupinda madigiri pafupifupi 110, pomwe mwendo umene wakhala miyezi usakugwira ntchito umauma. Ikakana, akweze chishalo pang'ono, azingoikankhira kutsogolo n'kuibweza, mpaka tsiku limene idzadutse yokha pamwamba. Asaikakamize.

China chobisika n'chakuti mwendo wabwino umalanda ntchito yonse, wovulalawo n'kumangokwera nawo ulele. Mwiniwake amaona ngati zikuyenda, kenako bondo labwino ndi msana ziyamba kudandaula. N'chifukwa chake masiku osapalasa azilimbitsa minofu: kukhala pampando n'kudzuka osagwira paliponse, kukwera sitepe potsogoza mwendo wovulala, ka 10, kupuma, kubwereza katatu. Akafika popalasa ola lathunthu aziwonjezera pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata, ndipo sabata yachinayi iliyonse azichepetsa. Minofu yowawa n'kutha pofika mawa si nkhani. Koma kubaya pamene pali chitsulo, kutupa, kapena ululu womudzutsa usiku, atsike njinga abwerere kuchipatala.

Masipoko36: Ine ndiyankhulepo za njingayo, poti nayonso inavulala. Chipewa choteteza mutu chimene anagwa nacho mutaye ngakhale chikuoneka chabwino. Zam'kati zimaphwanyika kamodzi basi, kachiwiri sizitetezanso mutu. Tsukani felemu muiyang'ane powala, makamaka mowotcherera ndi kuseri kwa khosi la njinga, pamene palowa foloko. Penti ikachita makwinya pamenepo, ndiye kuti chitsulo chinapindika. Foloko ndi mahandulo opindika musawongole, gulani zina. Zunguzani magudumu muone ngati akugwedezeka pakati pa mabuleki.

Chishalo muchiyeze chonchi: akhale, aike chidendene pa pedulo ili pansi, mwendo uwongoke chiuno chisanapendekere. Bondo likamawawa kutsogolo, nthawi zambiri chishalo chatsika. Likamawawa kumbuyo, chakwera. Musinthe ndi mamilimita 3 mpaka 5 pa nthawi, osati kungokoka mwamphamvu. Kumbuyo muike magiya ofika mano 32 kapena 34, kuti pachitunda azipalasa mofulumira koma mopepuka, mizungulire 80 mpaka 90 pa mphindi. Giya yolemera ndi imene imapha bondo. Matayala akhale otakatako, mamilimita 32 kupita m'mwamba, osapopa mpaka gwa, apo ayi bampu iliyonse idzamvekera pafupa pomwe.

Mlembi_wa_Thumba: Pa tsiku ndikugwirizana ndi a Fizo, koma ndiwonjezere. Muwerenge masabata 16 mpaka 20 kuchokera pamene walowa mumsewu, ndipo mulengeze tsikulo akatha kupalasa makilomita 50 n'kudzuka bwino mawa lake. Akafika 75 pokonzekera, 100 aitha. Sabata yomaliza apume kwambiri.

Chimene ndimakana ndi malonjezo a ndalama pa kilomita iliyonse. Munthu wachitsulo m'mwendo akadziwa kuti kutsika pa 70 kuchepetsa ndalama za agalu, adzakakamira mwendo ukukana. Pemphani kuti aliyense apereke zimene waganiza, amalize kaya asamalize. Ndalama zizipita molunjika ku akaunti ya bungwelo, zisadutse m'thumba mwanu, ndipo mutenge kalata yawo yokulolani kugwiritsa ntchito dzina lawo. Muwafunsenso chenicheni chimene ndalamazo zikachite. Anthu amatsegula dzanja msanga akamva kuti ndi katemera wa chiwewe kapena kutseketsa agalu kuti asaswane mwachisawawa. Chiwewe chimaleka kufala agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera, ndipo 28 September ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, ngati lingagwirizane ndi mwendowo.

Masipoko36: Ndinaiwala. Agalu omwe akuwapalasirawo sadziwa za ulendowu, adzamuthamangitsa ndithu. Asayese kuwathawa kapena kuwamenya theche ali pachishalo. Achepetse liwiro, atsikire mbali ya mwendo wabwino, njinga ikhale pakati pa iye ndi galuyo. Kutsikako ayeserere pabwalo kangapo asanalowe mumsewu.