Testosterone watsika koma tikufuna mwana, jakisoniyu ndibayitse?

Chikondi_34:
Abale ndigawireni nzeru. Ndili ndi zaka 34, pabanja tatha zaka ziwiri ndipo mphatso sitinaione koma tikuifuna kwambiri. Chaka chonsechi ndimangokhala wotopa, kudzuka m'mawa thupi lili lende ngati ndachezera kulima, zakuchipinda chilakolako chinathawa mpaka madam anayamba kundifunsa ngati kunjaku kuli wina. Ndinakayezetsa magazi, testosterone, homoni ya chimuna ija, anatuluka 240 ng/dL, adokotala akuti ndi wotsika ndiye anandilembera jakisoni. Za mwana sanandifunse, inenso manyazi sindinatchule. Kabotolo kali mu drowa sindinakatsegule chifukwa mnzanga wina wa ku jimu akuti zimenezi zimaumitsa mbewu. Mutu sukugwira, mankhwala owonjezera chimuna angaphe bwanji mbewu?

MayiNesi:
Achimwene kabotoloko kasiyeni momwemo kaye, mnzanuyo sakunama. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary, kamatumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH. LH ndi amene amauza machende kuti apange testosterone, FSH amathandiza kupanga mbewu. Ndiye mkati mwa machendemo testosterone amakhala wochuluka kuposa wa m'magazi maulendo makumimakumi, ndipo mbewu imadalira ameneyo osati wa m'magazi ayi. Mukabaya wochokera kunja ubongo umaona ngati katundu wadzaza kale, umasiya kutumiza LH ndi FSH, machende amagona, inu mukumva mphamvu bhobho koma kufakitale atseka. Moti a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, anayesapo jakisoni yemweyu ngati njira yolera ya abambo, zotsatira zinatuluka mu 1990, amuna pafupifupi awiri mwa atatu alionse mbewu inafika pa ziro pasanathe miyezi 6. Gel wopaka pakhungu naye amachita zomwezo.

Komanso mwayezetsa kangati? Kamodzi sikokwanira, amafuna kawiri masiku osiyana, m'mawa isanakwane 10 koloko chifukwa masana amatsika yekha. Pemphaninso akuyezeni LH, FSH ndi prolactin (homoni inanso yochokera ku pituitary), komanso umuna. LH akapezeka wotsika kapena wapakatikati ndiye kuti vuto lili kumtunda ku ubongo, pamenepo pali clomiphene, mapilitsi omwe aja amapatsa amayi kuti dzira lituluke, kwa abambo amapusitsa ubongo kuti utumize LH wambiri. Palinso hCG, jakisoni wa kawiri kapena katatu pa sabata amene amagwira ntchito ya LH mwachindunji. Onsewa amakweza testosterone wanu yemwe osatseka mbewu. Koma LH akakhala wokwera kale ndiye kuti machendewo ndi amene akukanika, clomiphene sangachite zambiri, imeneyo ndi nkhani ya dokotala wa urology (wa za njira ya mkodzo ndi ziwalo za abambo) kapena wa zaubereki.

Wakale_Uja:
Aise ine ndinadutsamo. Ndinapaka gel chaka ndi miyezi iwiri, kuchipinda zinabwerera ndithu sindinama, koma mimba osaoneka, achibale onse maso kwa mkazi wanga, iye kumangozungulira m'zipatala kumuyeza ichi ndi ichi. Tsiku lomwe ndinapereka kakapu kanga ku labu pepala linabwera litalembedwa ziro, ndinakhala mu galimoto ola lathunthu osaliza injini. Ndipo ndikamasamba ndinkaona kuti mavalo achepa koma ndimangodzinamiza kuti ndi kuzizira.

Anandisiyitsa gel nkundiyika pa hCG. Miyezi yoyamba inali yowawa, kutopa kuja kunabwerera ndi ukali, kupsa mtima kosadziwika bwino. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangidwe ndiye osathamangira kukayezetsa sabata iliyonse, ine amandiyeza pa miyezi itatu iliyonse ndipo zinaoneka zolongosoka mwezi wa 9. Ambiri zimabwerera pasanathe chaka, ena mpaka zaka ziwiri, ndipo amene wagwiritsa ntchito nthawi yaitali kapena wamkulu msinkhu zimachedwa kwambiri. Inu muli ndi mwayi simunayambe.

Kadzidzi:
Funso chabe bwana, kamimba kalipo? Mumaliza mkonono mpaka kubanika usiku? Mafuta a m'thupi amasandutsa testosterone kukhala estrogen, homoni ya chikazi, ndipo matenda a shuga, kusagona mokwanira ndi mankhwala opha ululu a mtundu wa tramadol zonsezi zimamutsitsa. Ena akangotsika sikelo nambala imakwera yokha. Ndipo za ku jimu zija anyamata amabayana mobisa ndi testosterone yemweyo, musayerekeze.

Chikondi_34:
Kkkk Kadzidzi mwandigwira, kamimba kalipo ndipo madam amandigwedeza usiku kuti ndatsamwa. Magazi ndinayezetsa kamodzi kokha, cha m'ma 3 koloko masana nditaweruka. MayiNesi, ngati zitavuta kuti jakisoniyo ndi wofunika basi, palibe njira yosungira mbewu?

MayiNesi:
Ilipo, amaisunga mozizira kwambiri mu liquid nitrogen ndipo imakhala zaka zambiri, bola muchite musanabaye ngakhale kamodzi. Madokotala ena amaphatikiza testosterone ndi hCG wochepa koma si kwa aliyense komwe zimagwira. Ya 3 koloko masanayo musaiwerengere, bwererani m'mawa musanadye, ndipo ulendo uno mupite ndi akazi anu, mukangokhala pampando mawu oyamba akhale akuti tikufuna mwana.