Timu ya basketball ya ku seminale ikumathera mphamvu kota yachitatu, tichite chiyani mpikisano usanafike?

Kochi_wa_Aseminale: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Timu ili ndi osewera 8 okha. Timayeserera katatu pa sabata, ola limodzi ndi theka, chifukwa nthawi ina yonse ndi ya mapemphero ndi makalasi. Masewero a ligi timayamba bwino, koma ikafika kota yachitatu miyendo yalemera, mafaulo achuluka, wamtali wathu watuluka ndi mafaulo 5. Patsala masabata 6 kuti tilowe mpikisano wa masewero atatu m'magulu pa masiku awiri. Tiyambire pati?

RefaWakale: A kochi, yambani ndi masamu. Pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, masewero ndi makota 4 a mphindi 10, pabwalo anthu 5, ndiye mphindi zonse ndi 200. Mukagawira anthu 8, aliyense ndi 25. Ngati asanu oyamba akusewera 35 pomwe atatu akungotenthetsa benchi, vuto lili pomwepo. Sinthani awiri pa mphindi yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi ya kota iliyonse, asanatope, osati akayamba kugwira mawondo. Mafaulo a kota yachitatu ambiri ndi a kutopa: miyendo ikachedwa, munthu amatambasula dzanja n'kumenya mkono wa mnzake. Kumbukiraninso kuti timu ikakwanitsa mafaulo 4 mu kota imodzi, faulo iliyonse yotsatira potchinga imapatsa adani ma free throw awiri (kuponya popanda wotchinga).

Mphunzitsi_PE: Ndionjezepo za wamtaliyo. Akapeza mafaulo awiri mu kota yoyamba, akhale pansi mpaka chakumapeto kwa kota yachiwiri. Mphunzitseni kutchinga manja ali chilili m'mwamba, osagwetsera mkono pa woponya. Ndipo yesani zoni ya 2-3 (awiri kutsogolo, atatu kumbuyo, aliyense kutchinga dera lake), imasunga mphamvu kusiyana ndi kuthamangitsana munthu ndi munthu mphindi 40.

Zoni_Ayi: Zoni yo musaikhulupirire kwambiri achimwene. Mu 2-3 palibe amene ali ndi munthu wakewake, ndiye mpira ukagunda ling'i aliyense amangoyang'ana m'mwamba, adani n'kutola. Akatola amapatsidwa masekondi 14 atsopano oti aponyenso, inu n'kutchinganso kachiwiri, kutopa komwe mumathawa kuja. Ngati mukuifuna, atatu akumbuyo aphunzire kuti mpira ukangochoka m'manja mwa woponya, aliyense apeze thupi la mdani wapafupi, amutsekereze ndi msana, kenako ndiye ayang'ane mpira. Mukakumana ndi timu yodziwa kuponya za mapointi 3 kuchokera m'makona, tulukani mu zoniyo msanga.

Mphunzitsi_PE: Zoona zimenezo. Mphindi 90 zija ndingazigawe chonchi: 10 kutenthetsa thupi, 20 kutchinga ndi kutola mipira yobwerera, 25 kusewera 4 kwa 4 bwalo lonse (muli 8 basi, 5 kwa 5 sizitheka pokhapokha mutabwereka anthu), 15 njira zanu ziwiri kapena zitatu zoukira, osaposa pamenepo. Zotsalazo kuthamanga utali wa bwalo, mamita 28, kupita ndi kubwerera kasanu, kenako pomwepo aliyense aponye ma free throw awiri akupuma wefuwefu, n'kubwerezanso. Kuzungulira bwalo la mpira wa miyendo pang'onopang'ono sikuthandiza kwenikweni, basketball ndi yothamanga n'kuima, kuthamanga n'kuima. Sabata yomaliza chepetsani kuthamanga ndi theka kuti afike ndi miyendo yopepuka.

Kochi_wa_Aseminale: Zikomo kwambiri. Nanga ma time-out, kuimitsa masewero kuti ndilankhule ndi osewera, ndiziwagwiritsa bwanji? Nthawi zambiri ndimatsala nawo.

RefaWakale: Muli ndi 2 theka loyamba, 3 theka lachiwiri, ndipo osagwiritsidwa ntchito sapita kutsogolo. Pa mphindi ziwiri zomaliza za kota yachinayi simungatenge oposa 2. Kwa timu ya anthu 8 time-out ndi mphindi yopumira, itengeni adani akangogoletsa katatu motsatizana. Koma funsani okonza mpikisano msanga, ambiri amafupikitsa makota kapena sayimitsa wotchi kuti masewero akwane pa tsiku, ndiye chiwerengero cha ma time-out chimasinthanso.

Mlembi_wa_Tebulo: Chimodzi chomwe matimu a ku seminale chimawapweteka si cha pabwalo. Tengani ndandanda ya masewero mukakhale pansi ndi a Rekitala lero, muyiyerekeze ndi masiku a mayeso, a m'bindikiro ndi Sabata Yoyera. Mukapanda kufika ndi osewera 5 pakatha mphindi 15 kuchokera nthawi yoyambira, mwagonja 20 kwa 0 ndipo simupeza pointi. Wopambana amatenga mapointi 2, wogonja atasewera amatenga 1, ndiye kusabwera n'koipa kuposa kugonja. Matimu akafanana mapointi amayamba kuona masewero a pakati pawo, kenako kusiyana kwa zigoli. Choncho ngakhale mukutsalira ndi 15, musataye masewero, kutsitsa kufika pa 8 kutha kukudutsitsani m'gulu.

Zoni_Ayi: Ndipo lembetsani anthu 12 ngati malamulo akulola, ngakhale anayiwo akhale ongoyamba kumene. Bondo la munthu mmodzi likapotoka tsiku loyamba, mwatsala 7 masewero awiri akadalipo.