Mbalame ziwiri za cockatiel zangofika pakhomo: ndizidule mapiko kapena ayi?

Wangoyamba

Moni nonse. Ndalandira mbalame ziwiri za mtundu wa cockatiel (zinkhwe zazing'ono zokhala ndi tsumba pamutu), yaimuna ndi yaikazi, kuchokera kwa munthu amene sakanathanso kuzisamala. Akuti zili ndi zaka pafupifupi ziwiri, ndipo sizinadulidwepo mapiko. Chifikireni zimangounjikana pakona ya khola. Ndikayandikira, yaikazi imagoneka tsumba, kuyasamula mlomo n'kumapemerera mpweya mwaukali. Chakudya zikungolawa. Ena akundiuza kuti ndizidule mapiko msanga kuti zizolowere dzanja, ena akuti kudulako n'kuzunza. Ndiyambire pati, ndipo za mapikozi zoona zake n'ziti?

Tsumba

Sizasi iyambe yakhala m'kabati, abale. Nkhani ya mapiko ingadikire mwezi wathunthu popanda choipa, koma ya kudya singadikire. Cockatiel yaikulu imalemera magalamu 80 mpaka 120 basi, ndipo kathupi kotere sikasunga mphamvu yambiri. Ikatha tsiku lathunthu osadya kalikonse, imeneyo ndi ya kwa dokotala wa ziweto.

Funsani mwini wake wakale chakudya chenicheni chimene ankazipatsa, mupereke chomwecho. Ngakhale chikhale mbewu zokhazokha, zomwe si zabwino kwa nthawi yaitali chifukwa zili ndi mafuta ambiri ndipo zimaperewera vitamini A, ino si nthawi yosintha. Mbalame yamantha sigwira chakudya chachilendo. Mbale ya chakudya ndi ya madzi zikhale pafupi ndi kamtengo kamene zimakonda kuterapo, chifukwa zikaopa zimathawira m'mwamba ndipo sizilimba mtima kutsikira pansi. Pomwepo mangiriranipo ngala ya millet, timbewu ting'onoting'ono timene cockatiel siikana kawirikawiri. Chenjerani ndi mbale yooneka yodzaza: mbalamezi zimasenda mbewu n'kusiya makoko momwemo, choncho uzirani pamwamba tsiku lililonse muone ngati pansi patsala chodya.

Umboni weniweni wa kudya uli m'zitosi. Yalani pepala pansi pa khola, muzisintha m'mawa uliwonse. Chitosi chabwino chili ndi mbali zitatu: yobiriwira yolimbirako, yoyera, ndi timadzi pang'ono. Kuchuluka madzi tsiku loyamba kapena lachiwiri kumachitika chifukwa cha mantha. Koma zitosi zikakhala zochepa, zazing'ono, zobiriwira moderako kapena zakuda, m'mimba mulibe chakudya. Zikazolowera kutera pa sikelo ya magalamu, muziziyeza m'mawa zisanadye. Kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, mwachitsanzo kuchoka pa 95 kufika pa 85, ndi chizindikiro choopsa ngakhale mbalame ikuoneka yosangalala, pakuti mbalame zimabisa matenda mpaka zitafookeratu.

Khola likhale lotambalala m'mbali kuposa kutalika m'mwamba, ndipo mpata pakati pa mawaya usapitirire masentimita 1.6 kuti mutu usakodwe. Liikeni motsamira khoma, pamtunda wofanana ndi pachifuwa panu, m'chipinda chimene anthu amakhalamo koma osati podutsadutsa. Mungaphimbe mbali imodzi ndi nsalu kuti zikhale ndi pobisala. Kukhitchini ayi: mpweya wochokera m'mapoto opakidwa Teflon (aja osamatirira chakudya) akatenthedwa kwambiri umapha mbalame m'kanthawi kochepa, ndipo utsi wa fodya, mankhwala opopera tizilombo ndi zonunkhiritsa m'nyumba zimawononga mapapo ake. Usiku zigone maola 10 mpaka 12 pamalo achete.

Sabata yoyamba dzanja lilowe m'khola posintha chakudya ndi madzi basi, pang'onopang'ono, kuchokera m'munsi. Chobwera kuchokera pamwamba mbalame imachiyesa kabawi. Khalani pampando patali pang'ono, muziyankhula motsitsa, osaziyang'anitsa m'maso. Tsumba likuuzani mtunda woyenera: likagona thyathyathya pamutu, mlomo uli yasa, mwayandikira kwambiri; likaima njo, yadzidzimuka kapena ikufuna kuona bwino; likapendekera kumbuyo momasuka, mtima uli m'malo. Mukamva zikukukuta mlomo madzulo zisanagone, dziwani kuti zayamba kumasuka.

Ngati muli ndi mbalame zina, zatsopanozi zikhale m'chipinda china masiku 30 mpaka 45, ndipo muzisamba m'manja mukachoka kwa izi kupita kwa zinazo. Matenda a psittacosis amatha kubisala mu cockatiel yooneka yathanzi, ndipo amagwiranso anthu.

Chidale

Zimene anena a Tsumba ndi zoona zonse. Ine ndilowe pa mapiko, chifukwa mawu oti kudula kulikonse n'kuzunza sathandiza munthu amene nyumba yake ili ndi zitseko zotsegukatseguka, ana aang'ono kapena fani ya kudenga imene sizimitsidwa. Cockatiel ndi mbalame ya m'madera ouma a Australia, kumene imauluka mitunda italiitali m'magulu kufunafuna madzi ndi mbewu. Ndi yopepuka, yamapiko aatali, yaliwiro. Ikatuluka pakhomo itadzidzimuka imakwera m'mwamba n'kupita kutali, ndipo yoleredwa m'nyumba sidziwa njira yobwerera. M'nyumba zina kudula pang'ono n'kochepetsa ngozi.

Koma kudula kolakwika n'koipa kuposa kusadula, ndiye mumve bwino mmene kumachitikira. Phiko lililonse lili ndi nthenga zazitali 10 kunsonga, zimene zimakankha mbalame kupita kutsogolo ndi m'mwamba. Zoyandikira kuthupi ndi zimene zimaigwira mumpweya potsika, ndipo zimenezo sizikhudzidwa. Zodulidwa ndi zakunsonga zokha, kuyambira yakunja kwenikweni kulowa m'kati, zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, chiwerengero chofanana mapiko onse awiri. Yambani ndi zinayi, muiyese pamalo ofewa, ndipo muwonjezere imodzi mbali iliyonse ngati ikukwerabe m'mwamba. Cholinga n'chakuti izitsika pang'onopang'ono mopendekera n'kutera ndi mapazi. Ikamagwa molunjika ndiye kuti mwadula mopyola muyeso.

Pali zolakwika zitatu zimene zimavulaza kwambiri. Kudula phiko limodzi lokha kumapangitsa mbalame kuzungulira mumpweya n'kugwera chammbali. Kudula nthenga zambiri kapena kufupikitsa kwambiri kumaigwetsa ndi chifuwa, ndipo khungu la pafupa la pachidale ndi lopyapyala, limang'ambika n'kusiya bala lovuta kupola. Nthenga za kumchira nazonso zimathyoka. Chachitatu ndi kudula nthenga yamagazi. Nthenga imene ikumera kumene imakhala ndi mtsempha wa magazi m'kati mwa phata lake, ndipo phatalo limaoneka lakuda kapena lofiirira, lonenepa, pamene la nthenga yokhwima ndi loyera, louma. Musanadule, tambasulani phiko muone phata la nthenga iliyonse chakunsi. Mukapeza yamagazi, isiyeni pamodzi ndi yoyandikana nayo kuti iziitchinjiriza.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, ndipo ulendo woyamba achite dokotala wa ziweto wodziwa mbalame inu mukuonerera. Wogwira aikulunge m'kathaulo, agwire mutu mofatsa m'mbali mwa nsagwada, koma asafinye chifuwa ngakhale pang'ono. Mbalame imapuma poyendetsa fupa la pachifuwa, ndiye mukalipana imabanika.

Chimodzi ndikutsutseni nacho aja akukuuzani kuti mudule kuti zizolowere dzanja. Mbalame yodulidwa imakhala padzanja chifukwa ilibe kothawira, ndipo yambiri imayamba kuluma m'malo mothawa. Mukazigwira ndi thaulo sabata ino, chinthu choyamba chimene zidzaphunzire za inu ndi chimenecho.

Mphepo

A Chidale afotokoza bwino kadulidwe, koma pa nkhani ya chitetezo ndisiyana nawo pang'ono. Cockatiel yodulidwa nthenga zisanu imatha kuulukabe panja ikadzidzimuka, makamaka kukakhala kamphepo koinyamula. Choopsa n'chakuti mwini wake amakhala atatayirira, n'kumatuluka nayo ili paphewa poganiza kuti siingapite. Nthenga zodulidwazo zimameranso mbalame ikamasintha nthenga, kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo ziwiri zokha zikamera mbali iliyonse mphamvu imabwerera mwini asakudziwa. Komanso yodulidwa imathera nthawi yambiri pansi, kumene ingapondedwe, kupanidwa ndi chitseko kapena kugwidwa ndi mphaka. Kukandidwa pang'ono chabe ndi mphaka n'kokwanira kupha mbalame chifukwa cha tizilombo ta Pasteurella ta m'malovu mwake, ndipo yogwidwa ndi mphaka imafunika mankhwala tsiku lomwelo ngakhale bala lisaoneke.

Mbalame zanuzi zauluka zaka ziwiri. Minofu ya pachifuwa, mtima ndi mapapo zimadalira kuuluka, ndipo cockatiel yodya mbewu koma yosauluka imanenepa msanga n'kudwala chiwindi. Maganizo anga ndi akuti mukonze chipinda, mapiko muwasiye.

Sankhani chipinda chimodzi chokhala ndi chitseko chotsekeka. Musanatsegule khola, tsekani mazenera, kokani makatani, phimbani galasi loonera, zimitsani fani, chotsani ndowa kapena kapu iliyonse ya madzi, ndipo onse a m'nyumba adziwe kuti mbalame zatuluka. Galasi la zenera mbalame siliona, ndiye kuwomba kwambiri kumachitika masiku oyamba. Ikani timitengo toterapo tiwiri kapena titatu pamalo oonekera, kamodzi pamwamba pa khola. Zitulutseni madzulo zisanadye chakudya chomaliza, chakudyacho chili m'khola, kuti njala izibweze zokha. Musazikoke, ingotsegulani chitseko n'kukhala pansi. Zikakana kubwerera, chepetsani kuwala m'chipinda n'kupereka kamtengo kuti zikwerepo; kuzithamangitsa ndi nsalu kumabweza m'mbuyo ntchito ya masabata.

Kuzoloweretsa dzanja kumayamba kutuluka kusanayambe. Gwirani ngala yaitali ya millet kunja kwa mawaya mpaka ziyambe kudya inu mutaigwira. Kenako ilowetseni m'kati. Tsiku ndi tsiku muzigwira chapafupi ndi timbewu, mpaka mbalame ikakamizike kuponda chala chanu kuti ifikire. Mphindi 5 mpaka 10, kawiri patsiku, ndipo lekani isanatope. Millet asakhalenso m'khola nthawi zonse mukafika pamenepa, apo ayi alibe mphamvu yokopa. Popeza ndi ziwiri zozolowerana, zimatenga nthawi yotalikirapo kuposa imodzi yokha, masabata angapo kapena miyezi. Yambani ndi yolimba mtima, inayo imaonera n'kutsatira. Musazilekanitse.

Yaikaziyo muziikanda pamutu ndi pakhosi pokha ikadzalola. Kuisisita pamsana, kuiikira kabokosi kapena kuilola kulowa m'malo amdima kumaiyambitsa kuikira mazira mosalekeza, zomwe zimaitha kashiamu m'thupi. M'khola musasowe cuttlebone, kafupa koyera ka nyama ya m'nyanja kamene mbalame zimajompha kuti zipeze kashiamu.

Wangoyamba

Zikomo kwambiri nonse, mapiko ndiwasiya kaye. Koma usiku wathawu zinadzidzimuka n'kuyamba kuwombawomba m'khola mumdima, ndipo m'mawa ndapeza timadontho ta magazi papepala. Yaimuna ili ndi nthenga imodzi yopindika paphiko. Magazi aleka ndipo ikudya. Ndichite chiyani?

Chidale

Kudzidzimuka usiku n'kofala kwambiri mu cockatiel kuposa zinkhwe zina. Mumdima siziona bwino, ndipo zikamva kugwedezeka, mbewa, kapena kuwala kwa galimoto kodutsa pazenera, chibadwa chake n'kuulukira m'mwamba nthawi yomweyo. Siyani kanyali kozimirira pafupi ndi khola usiku wonse, musaphimbe khola mbali zonse, ndipo kokani makatani. Zikadzidzimukanso, yatsani nyali yaikulu, yankhulani motsitsa, dzanja musalowetse mpaka zitaterapo pa timitengo.

Nthenga yopindikayo mwina ndi yamagazi imene yathyoka. Popeza magazi aleka ndipo ikudya, musaigwire lero; ichepetseni zoidzidzimutsa n'kumayang'ana papepala ndi pansi pa phiko maola angapo aliwonse. Koma phata lothyoka limatha kuyambiranso kutuluka magazi ikangomenyetsa phiko, ndiye dokotala aione mawa lisanathe. Akaona kuti n'koyenera amaizula, ndipo ina imamera m'masabata ochepa. Inu musaizule nokha, chifukwa nthenga zazitali za phiko zimazikika mpaka pafupa ndipo kukoka molakwika kumathyola phiko kapena kuwononga pomera nthenga.

Magazi akayambiranso, ikulungeni m'kathaulo, thirani ufa wa tirigu kapena cornflour (ufa wosalala wa chimanga) pothyokapo, ndipo panikizani mofatsa ndi kansalu koyera kwa mphindi zingapo osasuzumira. Mbalame ya magalamu 90 ili ndi magazi pafupifupi mamililita 9 thupi lonse, ndipo kutaya kopitirira mililita imodzi, omwe ndi madontho 20 okha, n'koopsa kale. Akapanda kuleka pakatha mphindi 10, kapena mukaiona yafufuma nthenga, yakhala pansi pa khola, mchira ukugwedezeka popuma, pitani nayo nthawi yomweyo. Paulendo ikhale m'kabokosi kakang'ono kotsekeka, kokhala ndi timabowo topumira, koyalamo nsalu pansi, ndipo kasazizidwe.